Kwa Mandevu Kuli M'boma Liti?

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Giredi 7, pamene ndinazindikira kuti zigawo zonse khumi za Zimbabwe ndinkazidziwa pamtima koma chigawo chimene ndinabadwira sindinkachidziwa. Masiku ano nkhaniyi ndimaikamba ndikuseka, koma nthawi imeneyo inatsala pang'ono kundilepheretsa mayeso, ndipo wolakwa wamkulu ndinali ineyo.

Tinkakhala ku Glen Norah, m'kachipinda kamodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake, ine ndi amayi basi. Tinabwera mu Harare ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, kuchokera ku pulazi ya fodya kumene makolo anga ankagwira ntchito. Zinali zaka zija mapulazi a azungu ankalandidwa n'kugawidwa, antchito n'kumwazikana aliyense kolowera kwake. Bambo anga, amene anachokera ku Dedza ali mnyamata, anali atamwalira kale ndipo tinawasiya m'manda a ku pulazi komweko. Amayi ankagulitsa tomato, anyezi ndi lepu pamphepete pa msewu pafupi ndi mashopu. Sukulu sanapiteko ngakhale tsiku limodzi, ndipo pamene pakufunika kusaina ankadinda chala.

Ine ndiye ndinali wanzeru wa m'kalasi, ndipo ndinkafuna kuti aliyense adziwe zimenezo. Aphunzitsi akapachika mapu pakhoma, dzanja langa linkakhala kale m'mwamba funso lisanathe. Mashonaland West likulu lake Chinhoyi, Mashonaland Central likulu lake Bindura, Manicaland ndi Mutare, ndinkangozilakatula ngati Pemphero la Ambuye. Kusukulu ndinkalankhula Chishona chokhachokha. Anzanga ankaseka ana a ku mapulazi, ankasekanso Amalawi powatcha Mabulandaya ngati tonse tinachokera ku Blantyre, ndiye ine ndinawauza kuti ndinabadwira mu Harare momwemo, m'chipatala chachikulu. Ndinabwereza bodzali kambirimbiri mpaka ndinayamba kulikhulupirira ndekha.

Tsiku lina Lolemba ahedi analowa m'kalasi mwathu atanyamula pepala. Anati mayina a olemba mayeso atumizidwa pakutha pa masabata atatu, ndipo dzina lililonse liyenera kufanana ndi lolembedwa pa chikalata chakubadwa, chimene tonse tinkangochitcha befi. Amene alibe befi athamange nayo nkhaniyo msanga, apo ayi adikire chaka chamawa. Kenako anawerenga mayina asanu ndi awiri a ana opanda befi. Langa linali lachitatu. Mtsikana amene ndinkakhala naye desiki imodzi ananditembenukira n'kundifunsa kuti munthu wobadwira m'chipatala chachikulu amasowa bwanji befi. Ndinamuyankha kuti inapsa, koma nkhope yanga inali itatentha kale.

Madzulo ake amayi anandifotokozera zoona zake tikusankha tomato woola m'dengu. Ndinabadwira m'komboni, m'nyumba za antchito za pa pulazi, m'manja mwa azamba. Khadi langa la sikelo, limene likanatithandiza, linanyowa ndi mvula pa lole tsiku losamuka mpaka linasanduka phala. Chitupa chawo anachitengera kwina, kufupi ndi Marondera, asanakwatiwe, choncho sichikanatiuza kanthu za ine. Mayi wina wogulitsa nawo pamsewu anawauza kuti befi ya mwana wamkulu ngati ine imatengedwa kuboma kumene mwanayo anabadwira, osati kulikonse kumene munthu wafuna.

"Nanga ndinabadwira m'boma liti?" ndinafunsa.

"Kwa Mandevu," anayankha amayi mosakayika.

Mandevu linali dzina limene antchito anapatsa mzungu mwini pulaziyo chifukwa cha ndevu zake. Anthu a m'mapulazi ndi mmene ankatchulira malo. Ukawafunsa kumene anakhalako ankati kwa Mandevu, kwa Chimimba, kwa Kamkwapulo, ndipo pakati pawo ankamvana bwino lomwe. Ine zinandikwiyitsa. Ndinatulutsa buku la mapu limene ndinabwereka kusukulu n'kuwafunsa tauni imene inali pafupi. Anati mwezi ukatha thalakitala inkawatengera ku Mvurwi kukagula sopo, mchere ndi nsalu. Ndinaika chala pa Mvurwi n'kulamula kuti nkhani yatha: chigawo ndi Mashonaland Central, boma ndi Mazowe, maofesi ake ali ku Concession.

Amayi anayang'ana mapuwo kwa kanthawi, ngakhale sankatha kuwerenga. Kenako anati, "Komatu a sikelo aja sankachokera ku Mvurwi. Galimoto yawo inkachokera uku kolowera dzuwa."

"Amayi, pa fomu salembapo dzuwa," ndinatero, n'kutseka buku.

Lachinayi lake amayi anasiya malonda, tinakwera kombi kulowa m'tauni n'kukweranso ina ya ku Concession. Tinaima pa mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. Titafika pa windo, kalaliki wake, bambo wodekha wovala magalasi, anafunsa dzina la pulazi. Amayi anati kwa Mandevu. Anthu a pambuyo pathu anaphulika ndi chiseko. Kalalikiyo sanaseke nawo. Anatsegula buku lalikulu la mayina a mapulazi a m'boma lawo, n'kumawerenga limodzilimodzi kuti mwina amayi akumbukira, koma onse anali mayina achizungu amene amayi anali asanawamvepo.

Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene chimandipwetekabe. Ndinasendera kutsogolo kwa amayi, n'kulankhula Chingerezi mokweza kuti onse oseka aja amve kuti ine si mnzawo wa amayiwa. Ndinati awakhululukire, mayi anga ndi osaphunzira, sadziwa kanthu. Amayi Chingerezi sankachilankhula, koma zaka zonse zija akutumikira m'mashedi a fodya anali atamva mawu amenewo kokwanira. Anamanga chitenje chawo bwinobwino, anathokoza kalalikiyo, n'kutuluka. M'kombi pobwerera sanandikalipire. Anamasula kansalu, ananyema mbatata yophika n'kundipatsa mbali yaikulu, iwo n'kumayang'ana pa windo mpaka tinafika mu Harare. Mbatata imeneyo inandiwawa kuposa mbama.

Sabata imodzi inali itapita. Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, amayi anati sitipita kunyumba, tipita ku Rugare kwa a Mbewe. A Mbewe anali mkulu wa mpingo wathu, wochokera ku Ntcheu, amene anagwira ntchito ya njanji kuyambira unyamata mpaka imvi. Anakhala zaka zambiri ali gadi wa sitima za katundu, ndiye panalibe kasiteshoni ka kumpoto kwa Harare kamene sanaimepo ndi mbendera yake. Atapuma ntchito ankakonza maambulera pakhonde pawo. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wokonda kuseka anthu pamaso pawo, ndipo ana tonse tinkawaopa pang'ono chifukwa ankatifunsa mafunso m'Chichewa n'kukana kumva yankho la Chishona.

Tinawapeza atazunguliridwa ndi mawaya a maambulera. Amayi anagwada n'kufotokoza zonse, koma za mawu anga a pa windo aja sanatchule. A Mbewe anamvetsera akukoka ulusi ndi mano.

"Mandevu uti?" anafunsa. "Ine ndikudziwa a Mandevu atatu. Wina ku Trelawney, wina kupitirira Glendale, wina chakumapiri. Azungu a fodya lumo ankaliopa, mayi."

Amayi anaseka koyamba chichokereni ku Concession. Ine ndinalowererapo kuti ndi Mandevu wa ku Mvurwi, ndipo ndinayamba kulakatula chigawo ndi boma lake. A Mbewe anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Aphunzitsi, mwamaliza? Ndiye mwabwera nayo befiyo?" Nditagwetsa nkhope anapitiriza. "Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Khala apo, tsopano alankhule amene analiko."

Anatenga choko chimene ankalembera mayina pa maambulera, n'kujambula pa simenti yofiira ya khonde. Anayamba ndi bwalo lalikulu, nati ili ndi dziko. Analidula zidutswa, nati izi ndi zigawo. Chidutswa chimodzi anachidulanso, nati awa ndi maboma, lililonse lili ndi ofesi yake, mabuku ake, apolisi ake ndi zipatala zake. M'kati mwa boma anaikamo timizere ta mawadi, ndipo m'kati mwa wadi anadontheza timadontho: apa tauni, apa mgodi, apa pulazi, apa midzi ya eni nthaka. Zonsezi ndinali nditaziphunzira kusukulu, koma kusukulu zinali mndandanda wa mayina oloweza. Pakhonde paja ndinaona koyamba kuti chilichonse chimakhala m'mimba mwa chinzake, ndipo munthu sungalumphe sitepe.

"Kulakwa kwako ndi uku," anandiuza akugogoda kadontho ndi choko. "Tauni ndi kumene munthu amagula sopo. Boma ndi kumene analembedwa. Miyendo imapita kumene kuli pafupi, koma buku limatsata malire. Ine ndaonapo anthu akumwa tiyi chigawo china, chimbudzi chawo chili chigawo china."

Kenako anatembenukira kwa amayi, ndipo mawu awo anafewa. Anati kumudzi ku Malawi mwana aliyense amakula akudziwa zinthu zitatu, mudzi wake, mfumu yake yaikulu ndi boma lake, ndipo ngakhale atasochera kutali amabwezedwa ndi mayina atatu amenewo. Koma anthu a m'mapulazi palibe amene anawauza zimenezo. Anapatsidwa khasu ndi nyumba ya m'komboni, dzina la malo n'kudzipezera okha. Anati kumeneko si kupusa kwa amayi, ndipo anawapempha kuti angoyankha zimene maso awo anaona.

Mafunso awo anandidabwitsa, chifukwa panalibe limodzi lofuna kuwerenga. Anafunsa ngati kunali mapiri. Amayi anati analipo, mzere wautali wa mapiri a udzu okhaokha, opanda mitengo, ometedwa ngati mutu wa mwana wasukulu. Anafunsa ngati dzuwa linkatulukira ku mapiriwo kapena linkalowera kumeneko. Amayi anati linkatulukira kumeneko, moti m'nyengo yozizira komboni inkachedwa kufunda chifukwa cha mthunzi wa mapiri. Anafunsa ngati popita ku Mvurwi thalakitala inkakwera mapiriwo. Amayi anati inkakwera mpaka amuna ankatsika kuti ipepuke. Anafunsa za sitima. Amayi anati sankaiona, koma mphepo ikachokera kumwera ankaimva kulira, ndipo anthu ankati imanyamula miyala ya ku migodi.

A Mbewe anaika choko pansi n'kuwomba m'manja kamodzi.

"Sitima imeneyo ndinkakwera ine. Imanyamula miyala ya kolomu ya ku migodi ya ku Mutorashanga. Nanga apolisi pakabuka ndewu ankachokera kuti? A sikelo ankachokera kuti?"

"Kolowera dzuwa, bambo. Onse ankachokera kolowera dzuwa. Ndinamuuza mwanayu."

Amayi ananena mawu omalizawo motsitsa, osandiyang'ana. A Mbewe anajambula mzere wokhotakhota wa mapiri, anaika Mvurwi mbali imodzi, pulazi mbali inayo. Anati mapiri amenewo ndi amene amalekanitsa zigawo ziwiri cha kumeneko. Amayi ankagula sopo ku Mashonaland Central, koma ankagona ku Mashonaland West, m'boma la Zvimba. Anatilangiza kuti tisathamangirenso ku ofesi yaikulu. Tiyambire pansi, pa kachipatala ka ku Mutorashanga kamene kankatumiza galimoto ya sikelo, chifukwa dzina la Mandevu lili ngati ndalama ya dziko lina, limagwira ntchito kwawo kokha. Tikalipeza m'buku la kumeneko, tikwere nalo masitepe mpaka ku boma.

Potsazikana anandikoka khutu pang'ono, osati mopweteka. "Iwe uli ndi mayina, amako ali ndi malo. Dzina lopanda malo ndi chiphokoso chabe. Ukayende pambuyo pawo." Ndinawasirira kwambiri bambo amenewo tsiku limenelo, ndipo ndimawasirirabe. Anali ndi dziko lonse m'mutu mwawo, koma sanachite manyazi kufunsa mayi wogulitsa tomato kumene dzuwa linkatulukira.

Tinanyamuka Lachiwiri m'mamawa, pa basi mpaka ku Banket, kenako galimoto yotsegula kumbuyo imene inatigwedeza mpaka ku Mutorashanga. Pa kachipatalako tinapeza nesi wachikulire akupima ana pa sikelo yopachika pa mtengo. Ine ndinkangodikira chiseko china. Amayi anapereka moni n'kunena kuti tinkakhala kwa Mandevu.

"Kwa Mandevu wa madamu awiri uja?" anafunsa nesiyo m'Chishona, osadabwa n'komwe. "Tinkapitako Lachitatu loyamba la mwezi. Msewu wake unkatithyola msana."

Atamaliza ana ake anatilowetsa m'kachipinda kodzaza mabuku akale onunkha fumbi. Anafunsa amayi chaka chimene ndinabadwa. Amayi anati chaka chimene damu laling'ono linaphwa, mwezi wobzala fodya. Nesiyo anawerenga pa zala, anatsitsa mabuku awiri, ndipo m'buku lachiwiri chala chake chinaima. Dzina langa linali pamenepo, Felesiya, lolembedwa ndi inki yabuluu yofwifwa, pambali pake dzina la amayi, kulemera kwanga, ndi dzina lenileni la pulaziyo, lachizungu lalitali limene tonse awiri tinalimva koyamba tsiku limenelo. Ndinalira, ndipo sindinasamale kuti ndani akundiona. Anatilembera kalata, anatilozeranso kwa khansala wa wadiyo amene anatilembera ina. Azamba aja anali atamwalira, koma mng'ono wawo ankakhala pa mgodi pomwepo, ndipo anatisunga n'kuvomera kukatichitira umboni ku Murombedzi, kumene kuli maofesi a bomalo.

Ine ndinkafuna tipite ku ofesiko m'mawa mwake kukangocha, koma amayi anati pali kwina koyamba. Tinayenda pansi mtunda wautali kukadali kachisisira. Dzuwa linatulukira pamwamba pa mapiri ometedwa aja, ndendende monga ananenera, ndipo mbali yathu inakhalabe mu mthunzi kwa nthawi. Pulaziyo inali itadulidwa minda ing'onoing'ono, uliwonse ndi mwini wake watsopano. Komboni kunalibenso, pamalo pake panali chimanga. Ine sindinazindikire kalikonse. Amayi anapempha chilolezo kwa mayi wina amene ankapalira, kenako analowa m'mundamo ngati akuyenda m'chipinda chawo. Anayambira pa mtengo wa muula, anawerenga mapazi kulowera ku chulu, n'kuima.

"Khomo lathu linali apa," anatero. Anasuntha pang'ono n'kuponda ndi chidendene. "Mchombo wako ndinaukwirira apa. Bambo ako ali uko, kuseri kwa chulu, pa miyala itatu ija."

Ndinaima pakati pa chimanga cha munthu wosamudziwa, mame atanyowetsa masokosi anga a sukulu, ndipo ndinakumbukira zojambula za a Mbewe. Choko chawo chinathera pa kadontho ka pulazi, ndipo mabuku a boma amatheranso pomwepo. Amayi anapitirira pamene onsewo analekezera, mpaka pa malo okwana chidendene chimodzi. Ndinawauza kuti pepani chifukwa cha zimene ndinanena pa windo paja. Anandiyang'ana, anandichotsa kaudzu m'tsitsi, n'kunena kuti, "Tiye tikazule udzu kwa bambo ako, galimoto ingatisiye."

Befi inatuluka ku Murombedzi kutatsala masiku awiri kuti mayina atumizidwe. Ndinathamanga nayo kwa ahedi isanapindike n'komwe. Mtsikana wa pa desiki uja anaisuzumira n'kuona kuti palibe Harare, ndipo ndinamuuza ndekha kuti ndinabadwira ku pulazi, m'boma la Zvimba, m'tsinde mwa mapiri. Anangoti kumeneko n'kufupi ndi kwa agogo ake, nkhani n'kuthera pomwepo. Bodza limene ndinalisenza zaka zonsezo linali lolemera kwa ine ndekha.

Kunyumba amayi anandiuza kuti ndiwawerengere chikalatacho mzere ndi mzere. Nditafika pa malo obadwira ndinatchula dzina lachizungu lija, kenako boma. Anadikira kuti ndipitirize.

"Basi? Mandevu sanamulembe?"

"Sanamulembe, amayi."

"Ndevu zonse zija," anatero akupukusa mutu, ndipo tinaseka mpaka eni nyumba anasuzumira pa windo.

A Mbewe anatisiya kalekale, ndipo khonde lawo la ku Rugare anamangapo chipinda cha lendi. Amayi akalamba, maso achita khungu, amakhala ndi ine ku Mufakose. Pa ntchito yanga ndadzaza mafomu osawerengeka, ndipo nthawi zonse ndikafika pa mzere wa chigawo ndi boma ndimalemba mosavuta, ngati ndinabadwa ndikuzidziwa. Koma ndikudziwa tsopano kuti mayina amenewo sindinawapeze m'buku la mapu. Anachokera kwa mayi amene ankadzuka m'bandakucha kukathyola fodya n'kuona mbali imene dzuwa likutulukira, ndi kwa bambo wokonza maambulera amene anadziwa kuti zimenezo n'zofunika kufunsa. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, amatero akuluakulu, ndipo ine ndinawachepetsa amayi anga pa mzere wa anthu, m'chilankhulo chimene ndinkaganiza kuti sakumva.

Mwana wanga wamkazi ali Giredi 7 chaka chino, ndipo nayenso zigawo khumi amazilakatula mopanda kupuma. Sabata yatha anabwera ndi ntchito ya kusukulu yofunsa kumene makolo ake anachokera, chigawo, boma ndi malo. Anayamba kufufuza pa foni yanga. Ndinamulanda foniyo n'kumutuma kuchipinda kwa agogo ake. Ndili kukhitchini ndinamva amayi akuyankha kuti kwa Mandevu, ndipo ndinaimitsa mpeni kudikira ngati mwanayo aseke. Sanaseke. Anakoka mpando n'kufunsa kuti kunali kotani, ndipo amayi anayambira pa mapiri.